Funso langa la soya ndi mtedza lakana kutulutsa yankho, ndichonge bwanji?

Mphunzitsi wa Loweruka, Kasungu boma:
Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi manyazi anga, ndagwira njakata. Loweruka lililonse ndimathandiza ophunzira 23 a chaka choyamba cha maphunziro a bizinesi pa yunivesite, aja ophunzirira kwawo. Ambiri ali pantchito: makalaliki a makopaletivi, awiri a kubanki, wina amagula mbewu ku Chamama. Sabata yatha ndinawapatsa ntchito ya kunyumba ya ma matrix (manambala oyalidwa m'mizere ngati tebulo). Funso ndinalipeka ndekha usiku, magetsi atazima, ndikuwunikira ndi foni. Linali lotere:

Wamalonda anagulitsa matumba 4 a soya ndi matumba 6 a mtedza Lolemba, napeza K1,040,000. Lachiwiri anagulitsa matumba 6 a soya ndi 9 a mtedza, napeza K1,560,000. Pezani mtengo wa thumba lililonse pogwiritsa ntchito Cramer's rule.

M'mutu mwanga soya anali K80,000, mtedza K120,000. Mitengoyi ndi yongopeka, musayambe kundiwuza za msika wa lero. Mapepala abwera: 11 alemba kuti mtengo ndi ziro, 5 asiya poyera, 4 apeza manambala poyesayesa koma osafanana, 3 alemba kuti determinant (nambala yochokera mu matrix, imene timagawira nayo mu Cramer's rule) ndi ziro ndiye sizitheka. Malikisi 10 awa ndiwagawe bwanji? Kapena ndingolifafaniza funsolo?

Madala a Additional Maths, Mtunthama:
Achimwene, onaninso mizere yanu iwiri ija. 4 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 6. 6 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 9. Ndalamanso chimodzimodzi, 1,040,000 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 1,560,000. Lachiwiri silinanene chatsopano, langobwereza mawu a Lolemba mokweza. Pamaso zikuoneka ngati ma equation awiri, koma ndi imodzi yovala malaya awiri. N'chifukwa chake determinant, 4×9 kuchotsa 6×6, ikupereka ziro.

Atatu aja mwati alemba "sizitheka" ayandikira koma sanafike. Mayankho alipo, kungoti ndi osawerengeka. Yesani soya K110,000, mtedza K100,000. Lolemba 440,000 kuphatikiza 600,000, Lachiwiri 660,000 kuphatikiza 900,000. Zikukwana ndendende. Ana 4 amene apeza manambala osiyana aja mwina onse akhoza, muwayese mmodzimmodzi musanawapatse mtanda.

Mphunzitsi wa Loweruka:
Madala, ndayesa pompano. Atatu mwa anayiwo manambala awo akukwanadi m'mizere yonse iwiri. Ine ndinali nditawalembera kale zofiira. Mayo ine.

Mayi wa mabuku a ndalama, Kamwendo:
Aphunzitsi, ine ndinena ngati munthu amene anakhalapo pa benchi lomwelo. Funso linati "pezani mtengo", ndiye kuti munawalonjeza kuti mtengo ulipo umodzi. Munthu waweruka kuntchito 5 koloko, waphikira ana, wakhala pansi 9 koloko usiku n'kupeza ziro pansi pa mzere wogawira, aganiza kuti walakwitsa ndi iye, osati aphunzitsi. Asanu osiya poyera aja mwina anachita zonse papepala lina n'kuopa kupereka. Kuwapatsa ziro pa cholakwa chanu si chilungamo. Lifafanizeni, apatseni lina.

Madala a Additional Maths:
Mayi, pa zowalanga tagwirizana, asalangidwe. Koma kulifafaniza ayi, kumeneko n'kutaya bomwetamweta. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo funso labwino lofotokozera determinant ngati ili sindinalipekepo mwadala. Ana amaloweza "ad kuchotsa bc", njira yowerengera determinant, ngati nyimbo ya ku Sande sukulu, osadziwa kuti nambalayo ikuwawuza ngati zimene ali nazo m'manja zikukwanira kupezera yankho. Gabriel Cramer anasindikiza njirayi mu 1750, ndipo imagwira pokhapokha determinant isali ziro. Aja 11 olemba kuti ziro kugawa ndi ziro ndi ziro ndiwo akundidetsa nkhawa. Amenewo vuto lawo silinayambire pa matrix, linayambira ku Fomu 2.

Mayi wa mabuku a ndalama:
Chabwino madala, ndagonja theka. Ngati likhale, muwonjezere mbali iyi imene ife timakumana nayo mu ofesi. Tinene kuti buku la kalaliki likuti Lachiwiri panalowa K1,500,000 m'malo mwa K1,560,000. Matumba omwewo. Apo palibe mtengo uliwonse umene ungakwane mizere yonse iwiri. Ndiye ukudziwa kuti mwina mtengo unatsika Lachiwiri, mwina wina anatenga pangongole osalemba, mwina K60,000 yalowa m'thumba la malaya. Masamu sakuwuza kuti ndi chiti, koma akuwuza kuti pita ukafunse. Ophunzira anu a makopaletivi aja adzamva msanga, chifukwa amazidziwa nkhani zimenezi kuposa ife.

Mnyamata wa kompyuta, Santhe:
Akuluakulu, ndiloleni ndiponye langa. Aphunzitsi, musanapereke funso lililonse liyeseni mu Excel. Ikani manambala anayiwo, lembani MDETERM, yowerengera determinant. Mukayesa MINVERSE, yotembenuzira matrix, pa matrix yotere imakana, imalemba #NUM!. Chenjezo limodzi: nthawi zina MDETERM imapereka kanambala kakang'onong'ono ngati 1E-16 m'malo mwa ziro weniweni, chifukwa cha mmene kompyuta imasungira manambala. Mukaona zotero muwerenge kuti ndi ziro. Amene ali ndi kalikuleta ya Casio fx-991 athanso kuyesa kutembenuza matrix pa matrix mode, imalemba Math ERROR.

Pokonza funso, sinthani Lachiwiri likhale matumba 6 a soya ndi 5 a mtedza, K1,080,000. Determinant ikhala 20 kuchotsa 36, yomwe ndi −16. Tikawerenga m'masauzande, soya ndi −1,280 kugawa ndi −16, ndiye 80. Mtedza −1,920 kugawa ndi −16, ndiye 120. Mitengo yanu ija yabwerera.

Mphunzitsi wa Loweruka:
Zikomo nonse. Ndichita chonchi: malikisi 4 kwa amene wayala matrix bwino, 3 kwa amene wapeza ziro, 3 otsalawo aliyense akawapeze Loweruka pofotokoza m'kalasi tanthauzo la ziroyo. Osiya poyera abwere ndi mapepala awo oyeserera.

Poti mwandigwira kale kamodzi, ndionetseninso pa ili ndisanalipereke. Mutu wotsatira ndi differentiation, kuwerenga mmene chinthu chimasinthira china chikasintha. Funso: munthu ali ndi makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Mtengo wa lita ndi p = 5,000 − 10q, pamene q ndi malita ogulitsa pa tsiku. Ndalama zimene amawononga pa tsiku ndi C = 150,000 + 1,400q. Apange malita angati kuti phindu likhale lalikulu koposa? Chaka chatha funso longa ili theka la kalasi linagwa nalo, ndipo sindinamvetse pamene anapunthwira.

Madala a Additional Maths:
Ili ndi labwino, ndaliyesa. Ndalama zogulitsira ndi 5,000q − 10q². Phindu ndi 3,600q − 10q² − 150,000. Derivative, yoonetsa mmene phindu likusinthira malita akachuluka, ndi 3,600 − 20q, ikhala ziro pa q = 180. Derivative yachiwiri ndi −20, ndiye tili pamwamba pa chulu, osati m'dzenje. Mtengo K3,200 pa lita, phindu K174,000.

Ndikuwuzeni pamene adzapunthwire. Adzatenga derivative ya ndalama zogulitsira zokha, 5,000 − 20q, n'kupeza 250. Adzasangalala chifukwa nambala yatuluka yosalala. Koma pa malita 250 phindu ndi K125,000 basi, waluza K49,000 pa tsiku uku akugwira ntchito yambiri. Amasokoneza ndalama zolowa m'kabati ndi phindu. Sindiwadzudzula kwambiri, pali amalonda akuluakulu pa msika wa Kasungu amene amaganiza chimodzimodzi.

Mayi wa mabuku a ndalama:
Aphunzitsi, musayambe ndi dy/dx, chizindikiro cha derivative. Yambani ndi funso la lita imodzi. Alembe pa bolodi ndalama zogulitsira pa malita 179, 180 ndi 181. Zikhala K574,590, K576,000 ndi K577,390. Ndiye afunseni: lita ya nambala 180 yabweretsa zingati? K1,410. Yadya zingati? K1,400. Ipangeni, mwatsala ndi K10. Lita ya nambala 181 yabweretsa K1,390, yadya K1,400. Isiyeni. Akaona zimenezo ndi maso, mawu akuti marginal revenue (zimene lita yowonjezera yabweretsa) ndi marginal cost (zimene yadya) sakhalanso achilendo.

Chimene chimawazunguza n'chakuti kasitomala wa lita ya 181 walipira K3,190, nanga bwanji tikuti yabweretsa K1,390 yokha? Muwafotokozere kuti kuti ugulitse lita yowonjezerayo watsitsa mtengo ndi K10 pa malita 180 ena onse aja. Ndiyo K1,800 yapita. Mayi aliyense wogulitsa tomato amadziwa kuti ukatsitsira mmodzi, oyimirira pambali onse amva.

Mnyamata wa kompyuta:
Mayi mwandikumbutsa. Mnzanga wina ankalimbikira kuti lendi ikakwera uyenera kupanga malita ambiri kuti ubweze. Tinasintha 150,000 kukhala 170,000 mu Excel, q inakhalabe 180, phindu lokha ndilo linatsika kufika K154,000. Derivative ya nambala yokhazikika ndi ziro, lendi siilowa m'nkhani ya malita angati. Anakana mpaka tinajambula girafu, chulu chija chinangotsika pansi osasunthira kumanja kapena kumanzere.

Madala a Additional Maths:
Zoona mwana wanga, bola lendiyo isakwere mpaka bizinesi yonse kukhala yoluza, apo funso limasanduka lakuti titseke kapena tisamuke.

Achimwene, ndikupemphani muwonjezere gawo (b): makina ake amangotha malita 150 pa tsiku. Ana oloweza adzalembabe 180. Koma pa 150 derivative ndi 3,600 kuchotsa 3,000, ndiye 600, phindu likukwerabe pamene makina athera mphamvu. Yankho ndi 150, phindu K165,000. Kenako gawo (c): wina akufuna kumubwereketsa kamakina kena kokwaniritsa malita 30 otsalawo pa K12,000 pa tsiku, avomere? Kusiyana kwa 174,000 ndi 165,000 ndi K9,000. Akane. Wophunzira amene angayankhe (c) ndi amene ndingamulembe ntchito.

Mphunzitsi wa Loweruka:
Madala, (c) sadzandigenda nayo miyala? Nthawi ndili nayo ndi maola atatu, ndipo a ku Nkhamenya amafika mochedwa chifukwa cha mayendedwe, kenako amafuna kutuluka dzuwa lisanapendeke.

Mayi wa mabuku a ndalama:
(c) ndiye yosavuta pa zonse, ndi kuchotsera chabe. Chovuta ndi kudziwa manambala oti uchotsere. Gawani chonchi: ola loyamba soya ndi mtedza, ndi K60,000 yosowa ija. Otsalawo mafuta. Power rule, lamulo lopezera derivative, musaitayire nthawi yambiri, amaigwira msanga. Second derivative ingoitchulani, mudzaibwereza sabata inayo ndi funso la ndalama zowononga zochepetsetsa, pamene chizindikiro chimakhala cha kuphatikiza.

Mphunzitsi wa Loweruka, Lamulungu m'mawa:
Ndabwera ndi lipoti. Anabwera 21. Nditangolemba K1,500,000 pa bolodi, kalaliki wina wa kopaletivi anakuwa kuti "ameneyo wadya!" tisanawerenge n'komwe. Wa ku Chamama uja anatsutsa, akuti soya wonyowa amagulidwa motsika, ndiye kalaliki asanamiziridwe. Mkanganowo unadya mphindi 20 koma ndinawusiya. Pa mafuta, 8 anapezabe 250 poyamba, tebulo la malita atatu lija linawabweza. Gawo (b) anakhoza 13, gawo (c) 6. Aja a ziro kugawa ndi ziro, anayi akadali pomwepo, ndawaitana 7 koloko Loweruka likudzali ena asanafike. Madala, muli ndi mafunso a Fomu 2 a ma fraction oti ndiwayambire?

Madala a Additional Maths:
Ndili nawo m'kabuku kakale, ndijambula masamba madzulo ano ndikachoka kutchalitchi. Mundikumbutse, foni yanga imadzaza msanga.