Amphaka adzaza utitiri, ndiwawaze Actellic?

Nabanda, Bembeke:
Abale ndithandizeni. Mphaka wathu ali ndi ana atatu a masabata asanu, amagona m'khitchini pafupi ndi matumba a chimanga. Onse utitiri uli mbwee. Make wadzikanda mpaka ubweya wathothoka cha kumchira, ndipo pamene wagona pakumatsala tinthu toyera tonga mpunga. Kamwana kamodzi kafooka, sikakuyamwa bwino. Anzanga akuti ndiwawaze Actellic wotsala pa chimanga. Nditero?

Phiri, Linthipe:
Anabanda, chonde musayerekeze. Mu Actellic Super muli permethrin, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwala amenewa m'thupi. Akangodzinyambita amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kukomoka, ena kufa kumene. Dipi wa ng'ombe, mankhwala ena odontheza a agalu ndi Panado nazonso zimapha mphaka.

Yambani ndi kofookako. Kayang'aneni nkhama. Ngati zayera m'malo mofiirira, utitiri wakamaliza magazi, ndiye pitani nako kwa alangizi a ziweto lero lomwe. Tonse titatu mutisambitse ndi madzi ofunda ndi sopo wosalimba, kuyambira m'khosi kuti utitiri usathawire kumaso, kenako mutipese ndi chipeso cha mano othinana. Kuzizira kwa ku Bembeke mukukudziwa, tipukuteni mpaka tiumiretu musanatibwezere kwa make.

Makeyo mugulireni mankhwala odontheza a utitiri otchedwa fipronil wa amphaka, monga Frontline. Patulani ubweya kumbuyo kwa khosi, kumene lilime silifika, mudonthezere pakhungu penipeni, kamodzi pamwezi. Ambiri amathira pamwamba pa ubweya, n'kumati mankhwala sagwira. Tiana tidikire tikwane masabata 8 ndi kilogalamu imodzi. Fipronil wopopera yekha ndiye amaloledwa pa tating'ono chonchi.

Nankhoma, Lizulu:
Tinthu toyerato ndi zidutswa za njoka ya m'mimba yotchedwa Dipylidium caninum. Mphaka amaitenga akameza utitiri podzinyambita. Mankhwala ake ndi praziquantel, 5 mg pa kilogalamu iliyonse, choncho mphaka wa makilogalamu atatu amwe 15 mg kamodzi. Muyezeni kaye pasikelo, osangoganizira. Koma utitiri ukapanda kutha, pakapita masabata atatu mudzaziwonanso.

Samalaninso ana a m'nyumba. Ndowe za utitiri zimakhala m'zikhadabo za mphaka, ndipo zimatha kunyamula kachilombo ka Bartonella. Mwana akakandidwa mutsukeni pabalapo ndi sopo nthawi yomweyo, ndipo akatuluka mwanabere m'khwapa kapena kutentha thupi, kuchipatala, mukanene kuti anakandidwa ndi mphaka.

Nabanda, Bembeke:
Zikomo nonse. Ndiye ndikathira mwezi uno basi zatha?

Phiri, Linthipe:
Ayi mayi. Umene mukuuona pathupiwo ndi wochepa. Utitiri waukazi umaikira mazira mpaka 50 patsiku, amagwera pansi, m'ming'alu ndi m'masaka, ndipo ena amakhala m'zikwa zawo miyezi osatuluka. Thirani miyezi itatu yotsatizana osadumphitsa, galunso alandire ake. Chisaka chimene amagonapo chitenthedwe kapena chiviikidwe m'madzi owira. Sesani tsiku lililonse, zinyalala muziotcha, ndipo pansi muzire kuti ming'alu itsekeke.

Pofuna kudziwa ngati watha, mpeseni ataima pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda tikasungunuka n'kufiira, amenewo ndi magazi, utitiri ukadalipo.