Ndasintha zitsulo zowola pa pikapu koma mwatsala mipata, ndimate ndi chiyani?

Membala wosadziwika: Abale anga pagulu pano ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndili ndi Nissan 1400 imene anandisiyira malemu bambo anga, ndipo ndi yomwe ikudyetsa banja, ndimatenga kachewere ku Dedza kudzagulitsa ku Lilongwe. Chaka chatha mlamu wanga anaibwereka kuti akanyamulire feteleza masiku awiri, anakhala nayo miyezi itatu. Matumba ena anang'ambika, urea anatayikira m'bokosi, iye osatsuka. Anaibweza ilibe mafuta, jeke palibe, mpaka lero nkhani ya jekeyo sinathe. Mayi akunyumba akuti ndisamaitchule chifukwa ndi mchimwene wawo. Dzimbiri linadya koopsa. Ndinapita nayo kwa panel beater wina, anadula zowolazo n'kuika zina, anaisunga milungu isanu, ndalama anatenga zonse. Pano momwe analumikizamo muli mipata. Fumbi likulowa, ndikamatsuka madzi akulowa. Foni sakuyankha. Mvula yayandikira ndipo COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha mwezi wamawa. Ndimate ndi chiyani?

Wa ku Biwi: Mipatayo ili pati, bwana? M'bokosi kumbuyo, pansi pomwe mumaponda poyendetsa, kapena pa chitseko? Nanga anawotcherera kapena anangomenya ma rivet? Tumizani chithunzi.

Madala a ku Joni: PHULA BASI. Musataye ndalama. Ine ndagwira ntchito ya panel beating ku Johannesburg zaka zambiri, ma 1400 amenewo ankapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008, ndawaphwasula osawerengeka. Sungunulani phula m'chitini, pakani ndi bulashi, nkhani yatha.

Mayi a Tadala: Vuto lanu si mipata, ndi mlamuyo. Galimoto sabwereketsa, achimwene. Ife yathu inapita ku ukwati ku Ntcheu, inabwera pa lole, injini itafa. Mpaka pano wobwerekayo amatipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Kabaza Wolemera: Bwerani ku njinga akulu, kuno kulibe mipata, mphepo imangodutsa yokha 😂

Mnyamata wa Area 25: Gulani silicone ku hardware, ija amamatira sinki. Ndi yotchipa, ine ndinamatira galasi langa.

Wa ku Biwi: Imeneyo ayi chonde. Silicone ya m'bafa, ija imanunkha ngati viniga, ikamauma imatulutsa asidi amene amayambitsanso dzimbiri pa chitsulo chosapenta. Komanso penti sagwira pa silicone, amangothawa. Funsani seam sealer wa polyurethane, ena amangoti Sikaflex. Amauma ngati labala, amapindika limodzi ndi galimoto, ndipo amapenteka.

Madala a ku Joni: Ana a pa YouTube inu. Polyurethane mwaidziwa liti? Galimoto za makolo anu zinayenda ndi phula, zina mpaka lero zikuyenda ku Jenda uko.

Wa ku Biwi: Madala, phula sindikulikana, koma malo ake ndi kunsi kwa galimoto, mutamata kale mipata. Mukalipaka m'kati mwa cab, momwe mumakhala poyendetsa, dzuwa la Okutobala likawomba limafewa, kununkha, n'kumamatira nsapato. Ndipo likauma n'kung'aluka, madzi amabisala kunsi kwake, chitsulo n'kumawola inu osaona.

Madala a ku Joni: NDIYE KUTI SIMUDZIWA KUPAKA. Chida sichilakwa, amalakwa ndi mwini dzanja.

Bambo a Yamikani: Ine zinandionekera ndi Hilux yanga. Wokonza anadzaza body filler mumpata waukulu ngati chala, anapala bwinobwino, penti waa, ndinachita kumuwonjezera ya fanta. Nditangoyenda ulendo umodzi msewu wafumbi wa kumudzi kwathu, chigamba chonse chinagwa ngati chikhokho cha nsima. Filler ndi wosalazira pamwamba, salimba polumikizira chifukwa pamagwedezeka, komanso amamwa madzi. Ndikakumbuka ndalama ija mtima umawawabe. Munthuyo anasamuka, akuti ali ku Mozambique.

Mlongo wa Mzuzu: Koma inu mumalipira bwanji ndalama zonse ntchito musanaione? Akulu athunthu! Theka poyamba, theka pomaliza, ngakhale telala timatero.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Amene mukunena za mlamu, munthuyo ndinamulipirirapo ngakhale fizi ya mwana wake. Za kulipira zonse, anandiuza kuti akufuna kugula gasi. Nanga ndikanatani?

Wa ku Biwi: Bwana, simunandiyankhe. Ili pati, ndipo ndi yaikulu bwanji?

Wowotcherera wa ku Ndirande: Funso limenelo ndiye lenileni. Ngati mpata ukulowa ndodo ya machesi yokha, sealer akwana. Ngati ukulowa chala, palibe chomata, abwereze kuwotcherera. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, ukagwiritsa ndodo ya arc, ija yowotcherera ndi magetsi, mothamanga umangoboola, n'chifukwa ambiri amadontheza apa ndi apo n'kusiya pakati. Mukakonza, palani dzimbiri lonse mpaka chitsulo chiwale, pukutani ndi thinner, pakani primer, penti woyamba wa pansi uja, ikauma ndiye sealer mbali zonse ziwiri, kenaka penti. Ndipo bokosilo mulitsuke kaye ndi madzi ambiri, feteleza amakoka chinyezi, akatsalira m'makona adyanso zatsopanozo.

Madala a ku Joni: Ku Joni timawotcherera ndi mkuwa, brazing, mpata sutsala. Kuno mumangodziwa kupanga mbaula ndi mageti.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Madala, mbaula zomwezo ndi zimene akuphikira kwanu. Tilemekezane.

Mnyamata wa Area 25: Nanga oyilo wakuda uja wochotsa mu injini? Ankolo anga amapopera kunsi chaka chilichonse.

Madala a ku Joni: Ameneyo ndi wanzeru kuposa onse alemba apa. Oyilo ndi phula, zinazi ndi bizinesi ya ma hardware.

Bambo a Yamikani: Akapopera oyilo asanamate, sealer sagwiranso, ngakhale penti. Komanso chonde musatseke timabowo ta kunsi kwa zitseko poganiza kuti ndi mipata, ndi potulukira madzi. Ine ndinatseka, chitseko chinkachita kulira madzi ngati chigubu.

Namwino Wopuma: Ine za magalimoto sindidziwa, koma ngati mpatawo uli pansi pa cab pafupi ndi paipi ya utsi, musayende mawindo ali otseka. Utsi wa galimoto uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha, umayamba ndi mutu ndi tulo. Musatengemo ana mpaka mutakonza.

Membala wosadziwika: Mayi mwandiopsa, mutu umandipwetekadi ndikafika ku Nathenje. Mpata wina uli pansi pa mpando wanga, msewu ndimauona. Sanawotcherere, anamenya ma rivet pa lata la denga. Silicone ndinaika kale Loweruka, machubu awiri.

Wa ku Biwi: Iii bwana, mukanayamba ndi zimenezo! Galimotoyo isayende kaye. Latalo lichoke, silicone yense apalidwe, aikepo chitsulo chenicheni chowotcherera, paipi ya utsi aionenso ngati yabooka. Pomwe pamangidwa mpando ndi lamba pali bwanji, napo padyeka?

Madala a ku Joni: Akanapaka phula lata limenelo likanakhala zaka khumi.

Mayi a Tadala: Ndalama yokonzeranso apereke mlamuyo. Ndi jeke yemwe.