Makomiki a ku Japan akundisokoneza, amawerengedwa bwanji?

NaPhiri_Chilomoni:
Abale, ndithandizeni. Kwa mavenda a mabuku akale ku Limbe ndaona makomiki a ku Japan aja amati manga. Ndikufuna kugulira ana anga a sekondale, koma ndikatsegula nkhani yake siikumveka: yankho likubwera funso lisanafunsidwe. Kodi anasindikiza molakwika? Komanso pogula ndiziyang'ana chiyani, ndipo ndiwasunge bwanji kuti dzinja lisawawononge?

Mbewe_Zingwangwa:
Mayi, bukulo lili bwinobwino. Manga imayambira kumene ife timati kumapeto. Ligwireni msana wake uli kudzanja lamanja, masamba muziwatembenuzira kumanja. Patsamba yambani ndi kabokosi kapamwamba kakumanja, mulowere kumanzere, mzerewo ukatha mutsike. Timabaluni ta mawu n'chimodzimodzi: kapamwamba ndi kakumanja ndiko koyamba. Koma mawu achingerezi a m'kati mwake muwawerenge mwa nthawi zonse.

Pamene ambiri amasochera ndi apa. Kumanja kukakhala timabokosi tiwiri tosanjikizana, kumanzere kuli bokosi limodzi lalitali, malizani tiwirito, kapamwamba kenako kapansi, musanadumphire ku lalitalilo. Mukakayika, yang'anani mipata yoyera. Mpata wopapatiza ukutanthauza kuti mabokosiwo akutsatana, wotakata ukulekanitsa mizere. Mipatayo ikada bii, nthawi zambiri wojambula wakubwezani ku zinthu zimene zinachitika kale.

Baluni ya mchira imaloza amene akulankhula, yonga mtambo ndi maganizo a mumtima, ya minga ndi kukuwa. Ndipo anawo asamathamangire mawu okha. Theka la nkhani lili pankhope, m'manja ndi kuseri kwa anthu ojambulidwawo, choncho kabokosi kopanda mawu nakonso n'kofunika kukaimira.

Koma makomiki a ku America ndi ku Ulaya amayambira kumanzere monga buku lililonse.

AChisale_Ndirande:
Pogula, choyamba onani nambala pamsana. Buku limodzi la manga limakhala ndi masamba pafupifupi 200, koma ndi gawo chabe la nkhani yaitali. Mukagula nambala 7 yokha, mwana alowa m'nkhani pakati, anthu ake osawadziwa. Funani nambala 1, kapena zingapo zotsatana.

Aja opyapyala a ku America, omanga ndi timawaya tiwiri, amakhala ndi masamba 32 kapena kuposerapo pang'ono, koma nkhani yeniyeni ndi masamba 20 kapena 22, kwinako ndi zotsatsa malonda. Nkhani imodzi imatha kutenga timabuku 5 kapena 6. Ine ndimaona kuti oyamba kumene ndi bwino ayambe ndi mabuku amene nkhani imathera momwemo, monga ambiri a Tintin ndi Asterix.

Tsegulani pakati penipeni pomwe pali timawaya. Pepala lapakati ndilo limayamba kuthothoka, ndipo likachoka mwataya masamba anayi nthawi imodzi. Werengani manambala a masamba mbali zonse. Ngati ndi buku lomata ndi guluu, litseguleni pang'onopang'ono. Msana ukalira kuti phwa, guluuyo wauma, masamba sachedwa kuyoyoka. Linunkhizeninso. Fungo la chuku likamveka, lisiyeni, lingapatsire anzake.

Chofunika kwambiri, mayi: si komiki iliyonse ndi ya ana. Onani chilembo kuchikuto chakumbuyo. Pa manga, T ndi ya azaka 13 kupita m'tsogolo, T+ kapena OT ndi ya 16, M ndi ya akuluakulu.

Nabanda_Namiwawa:
Zosungazo, adani ake ndi chinyezi, dzuwa, chiswe ndi mphemvu. Musaike katoni pasimenti kapena kugunditsa khoma, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo. Simenti imatulutsa chinyezi, timawaya timachita dzimbiri n'kudya pepala. Ikani pashelefu, mabuku ataima chilili mothinana pang'ono kuti asapindike, kutali ndi zenera chifukwa dzuwa limafwifwitsa utoto.

Ena amati muziika m'majumbo. Zili bwino, koma buku likhale louma kaye, apo ayi mwatsekera chinyezi m'kati. Likanyowa, musaliyanike padzuwa. Ikani mapepala oyera pakati pa masamba, muziwasintha akanyowa, kenako mulipsinje ndi chinthu cholemera pamthunzi podutsa mphepo. Selotepi ayi ndithu: imasanduka yachikasu, n'kumatuka, n'kusiya banga losachoka.

Nambala 1 ikasowa ku Limbe, pa foni pali pulogalamu yowerengera manga yotchedwa MANGA Plus, ya kampani ya ku Japan ya Shueisha. Nkhani zambiri zimene zikutulukabe amapereka mitu itatu yoyamba ndi itatu yatsopano kwaulere. Zithunzi zimadya bandulo, ndiye ana aziwerenga pamene pali Wi-Fi.