Mwana wazaka ziwiri sakulumikiza mawu: kodi ndi nkhani yokafunsa kusikelo?

Mayi wa ana awiri, Lilongwe:

Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 2 ndi miyezi 3, koma mawu amene amatchula sapitirira asanu. Akafuna phala amangondikoka chitenje n'kuloza poto. Ine ndimagulitsa kaunjika kumsika mpaka madzulo, ndipo iye amatsala ndi mtsikana amene amamupatsa foni kuti asalire. Apongozi akuti chamusokoneza n'chakuti bambo ake amamuyankhula Chitumbuka pamene ine ndimamuyankhula Chichewa. Kusikelo amangomuyeza kulemera n'kulemba m'buku. Kodi ndide nkhawa?

Namwino wopuma pantchito:

Mayi, zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kuyankhula, choncho bambo ake asasiye Chitumbuka. Komabe ana ambiri amayamba kutchula mawu akamakwanitsa chaka, ndipo pofika zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "amama madzi", ndiye nkhawa yanu ili ndi maziko. Choyamba kufufuza ndi makutu. Mafinya otuluka m'khutu kawirikawiri, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi angathe kuwononga kumva, ndipo mwana amene samva bwino alibe mawu oti atsanzire. Muimirire kumbuyo kwake, mumuitane motsitsa mawu, muone ngati atembenuka. Mukapita kusikelo musadikire kufunsidwa, muwauze nokha kuti mukufuna amuyeze makutu.

Mphunzitsi wa sukulu yamkombaphala:

Ndikufuna kutsindika kuti nkhaniyi si ya pakhomo panu pokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhudza ubongo monga momwe kumakhudzira msinkhu. Mayi wotopa ndi ntchito, kapena wovutika maganizo atabereka, sakhala ndi mphamvu zocheza ndi khanda, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi zimene zinachitika ku Kingston, m'dziko la Jamaica, m'zaka za m'ma 1980. Alangizi azaumoyo ankayendera ana opinimbira sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka pafupifupi 20, anawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti poyerekeza ndi anzawo opinimbira amene sanayenderedwe motero. Ine ndimaona kuti sikelo yathu iyenera kufunsa za kuyankhula monga momwe imafunsira za katemera.

Bambo wa ku Zomba:

Za foniyo musazipeputse. Malangizo a 2019 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena kanema, ndipo wazaka 2 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni imayankhula koma siimuyankha mwana. Mwana wathu wamkazi anachedwanso, ndipo tinayamba kumutchulira chilichonse pomusambitsa, sopo, beseni, mwendo, kenako n'kukhala chete kuti ayesere. Muuzeni mtsikanayo achite zomwezo.

Mayi wa ana awiri, Lilongwe:

Zikomo nonse. Ndakumbukira kuti khutu lake lakumanja linatulukadi mafinya kawiri nyengo yozizira yapitayi, ndipo sindinaganizepo kuti zingakhudzane. Lachinayi ndipita naye kuchipatala.