Za batire imene inatithera ku Lifupa: ndachita zimene munandiuza

Mu Juni ndinafunsa chochita batire ya Hilux yanga itatha usiku ku Lifupa, malo ogona alendo a ku Kasungu National Park, chifukwa cha kafiriji ndi magetsi. M'mawa galimoto inakana kulira, tinachita kukankha. Ambiri munati ndiike batire yachiwiri, ndipo ndamvera.

Ndagula ya 12V, 100Ah, ya mtundu wa deep cycle (yopangidwira kupereka magetsi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali), ndipo makaniko waika relay pakati pa mabatire awiriwo. Injini ikamalira onse amatchajidwa, ikazima relay imawalekanitsa, moti yolizira galimoto sikhudzidwa. Pafupi ndi batire pali fyuzi. Musaiwale imeneyi abale, waya kupsa m'galimoto mogona anthu si nkhani yamasewera. Papepala batireyi imasunga mphamvu ya magetsi yokwana 1,200Wh, koma ya mtovu ngati iyi imawonongeka msanga mukamaitsitsa kupitirira theka, ndiye ine ndimawerengera 600 basi. Padenga ndamangirira sola ya 100W. Dzuwa kuno ku Kasungu silisowa, masana limabwezera zimene firiji, mababu ndi mafoni zadya usiku.

Pa za kuzizira, pali uphungu umodzi ndaukana. Wina anati ndilowetse mbaula m'galimoto. Ayi ndithu! Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Hita yamagetsi ya 1,000W nayonso ingamalize batireyi pasanathe ola. Titapitanso ku Lifupa mu Julayi tinafunda mabulangete awiri, botolo la madzi otentha kumapazi, tinagona mpaka m'mawa.

Mu Okutobala tidzabwerera kukayesa fani, mawindo ali otsekula, titatchinga ndi neti ya udzudzu.