Kodi chitsulo chingade bwanji popanda kupakidwa penti?

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Ndikupempha nzeru kwa anzanga odziwa sayansi. Mwana wina wa Fomu 4 anandifunsa chifukwa chimene golide, amene tonse timamudziwa kuti ndi wachikasu, amaderapo bii akatswiri akangosintha kasalalidwe ka pamwamba pake. Yankho limene ndinamupatsa silinandikhutiritse ngakhale ine mwini.

Wophunzira wa ku Chirunga:
Aphunzitsi, nkhani yagona pa timaenje. Chitsulo chosalala chimabweza kuwala ngati galasi, koma akachikumba timaenje ndi timizere tosaoneka ndi maso, kuwala kukalowamo kumagundagunda m'makoma mwake, ndipo paliponse pamene kwagunda mphamvu yake ina imasanduka kutentha, kotero kuti kobwerera m'maso mwathu kumakhala kochepa zedi.  Chunlei Guo wa ku University of Rochester anadetsa motere golide, platinamu ndi aluminiyamu pogwiritsa ntchito laser, chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi.

Mphunzitsi wopuma wa ku Matawale:
Mwafotokoza bwino, koma timaenje patokha sitikwanira. M'zitsulo muli maelekitironi (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi) oyenda momasuka, ndipo akapanikizika m'kachidutswa kakang'ono kwambiri, amagwedezeka pamodzi mogwirizana ndi mtundu wina wa kuwala, n'kuumeza. N'chifukwa chake timadontho ta golide timene Michael Faraday anakonza m'madzi mu 1857 tinkaoneka tofiira: tinkameza kuwala kobiriwira. Chikho cha Aroma chotchedwa Lycurgus Cup, chimene chili ku British Museum ku London, chimaoneka chobiriwira kuwala kukachokera kutsogolo, koma chofiira kukachokera kumbuyo, chifukwa m'galasi lake muli timadontho ta golide ndi siliva. Ana mukawauza za chikhochi saiwala.

Mmisiri wa masola ku Chinamwali:
Ine ndiyankhako ngati munthu wokwera pamadenga. Penti yakuda pa sola yotenthetsera madzi imamezadi dzuwa, koma imatayanso kutentha msanga, ndipo m'mwezi wa June, nkhungu ikatsika m'phiri la Zomba, madzi a m'thanki amangofunda pang'ono. Sola yabwino yotenthetsera madzi imakutidwa ndi zinthu monga black chrome, zimene zimameza kuwala koma osatulutsa kutentha kwambiri. Chondidetsa nkhawa pa timaenje tanuto ndi fumbi la mu October, chifukwa popanda galasi lotchinga pamwamba sindikuona kuti tingakhalitse tisanatsekeke.