Mapanga a malume anga ndi nyimbo ya Jim Reeves

Wofunsa:
Akuluakulu ndithandizeni. Malume anga sakhuta nayo nyimbo ya Jim Reeves ya He'll Have to Go, ija mwamuna ali ku bala akuimbira foni wokondedwa wake, koma mkaziyo ali ndi mwamuna wina, ndiye akumuumiriza kuti asankhepo mmodzi. Ikangotha, iwo amapukusa mutu n'kunena kuti "mapanga awiri avumbwitsa." Mapanga ake ati? Zikwanje zomwezi? Nanga chikwanje ndi mvula zikumana pati?

Agogo a ku Dedza:
Ayi mdzukulu wanga, si zikwanje. Limodzi ndi phanga, malo obisalamo m'thanthwe kuphiri. Kuvumbwa ndiko kunyowa ndi mvula. Yakupeza uli pakati pa mapanga awiri, wathamangira ili, usanalowe ukuti ayi lija ndiye lalikulu, wabwerera. Pomwe uzidzalowa, madzi ali chuchuchu m'malaya. Malume akowo akunena mkaziyo.

Wina:
Kwathu timati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. N'chimodzimodzi.

Wokonda country:
Agogo, tanthauzo mwalasa, koma zoti wovumbwayo ndi mkazi ine ndikukana. Nyimboyi analemba ndi Joe Allison ndi mkazi wake Audrey. Woyamba kuijambula anali Billy Brown, siinapite patali. Reeves anaijambula ku Nashville mu 1959 ku kampani ya RCA Victor, woyang'anira ntchitoyo ali Chet Atkins, ndipo mu 1960 inakhala pa nambala wani masabata 14 pa mndandanda wa nyimbo za country wa Billboard. Koma m'nyimbo yonseyo mkaziyo sitimumva mawu ake ngakhale kamodzi. Wolankhula ndi bamboyo basi, ndi liwu lake lija lozama ngati akunong'ona m'khutu, mpaka omverafe timamukhulupirira tisanamve mbali inayo.

Yankho linabwera chaka chomwecho cha 1960. Jeanne Black anaimba He'll Have to Stay pa chuni chomwechi, ndipo mmenemo mkaziyo akunenetsa kuti amene ali nayeyo sachoka. Mayi ameneyo phanga lake analowa kalekale. Amene watsala pamvula ndi wa pa foniyo.

Agogo a ku Dedza:
Bambo, imeneyo ndi nyimbo ina, ya munthu wina. Ife pa MBC tinkamva ya Reeves, ndipo imatha mkaziyo asanayankhe. Munthu amene mtima uli pamodzi sadikira kufunsidwa kawiri.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Loweruka ndikawaikira malume ya Jeanne Black, ndione ngati mwambi ukhale womwewo.